KUTOLA SI KUBA, NANGA KUKUMBA?

Pali mawu amene ana amathamangira kunena akapezeka ndi chinthu chimene si chawo. Amati kutola si kuba. Pakati pa ana mawuwa amathetsa mlandu msanga, chifukwa chotoledwacho chimangokhala batani kapena kakobidi kakuda. Koma ku England kuli anthu akuluakulu, ena a imvi ndithu, amene akhala akunena mawu ofanana ndi amenewa kwa zaka zoposa makumi asanu poikira kumbuyo masewera awo ofunafuna zitsulo zokwiririka m'nthaka. Iwo amadandaula kuti malamulo achuluka, kotero kuti munthu sangalowe m'paki kapena kuponda pagombe ndi makina ake asanayambe wagwada kwa akuluakulu. Dandaulo limeneli lilibe mutu, ndipo malamulo amene iwo amadana nawowo ngochepa poyerekeza ndi chimene amateteza.

Makina ofufuzira zitsulo ndi ndodo yotalika ngati mpini wa khasu, ndipo kumapeto kwake kuli chinthu chathyathyathya chonga mbale. M'mbalemo muli waya wokulungakulunga. Magetsi a m'mabatire akamayenda m'wayamo amatulutsa mphamvu ya maginito imene imalowa m'nthaka, ndipo mphamvuyo ikakumana ndi chitsulo makina aja amalira m'makutu mwa mwini wake. Aliyense amene adaonapo kachipangizo kamene alonda amayendetsa pathupi la munthu polowa pabwalo la ndege waona kale m'bale wake wa makina amenewa. Nzeru yake si yatsopano. M'chaka cha 1881 Alexander Graham Bell adayesa kupeza nayo chipolopolo m'thupi mwa James Garfield, pulezidenti wa America amene adaomberedwa, koma sizidatheke. M'chaka cha 1941 msilikali wa ku Poland, Józef Kosacki, adapanga makina onyamula m'manja ofufuzira mabomba okwiriridwa, ndipo adagwira ntchito pa nkhondo ya ku El Alamein m'dziko la Egypt chaka chotsatiracho. Pofika m'zaka za m'ma 1970 makinawa adali atatsika mtengo, ndiye anthu wamba adayamba kuwagula kuti azitayitsa nawo nthawi Loweruka ndi Lamulungu.

Chodandaula chawo chachikulu n'chakuti paki ndi malo a anthu onse, choncho munthu wokhoma msonkho sayenera kupempha chilolezo pamalo pamene iye yemwe ali mwini wake. Munthu wokulira kumudzi sangavutike kuona bodza limene lili m'mawu amenewa. Manda a m'mudzi ndi a anthu onse a m'mudzimo, komabe palibe amene amalowako ndi nkhwangwa kukadula mtengo mfumu isakudziwa. Chitsime ndi cha onse, ndipo n'chifukwa chake munthu mmodzi saloledwa kuchapiramo matewera. Chinthu chikakhala cha onse ndiye kuti eni ake ngambiri, ndipo wofuna kuchotsapo kanthu ayenera kufunsa amene eni akewo adamuika kuti azichiyang'anira. Lamulo la ku England limanena zomwezi. Kulibe kachigawo ka nthaka kopanda mwini, ndipo wofufuza zitsulo ayenera kulandira chilolezo cha mwini malo asanayatse makina ake. Mapaki ambiri a m'mizinda ali m'manja mwa makhonsolo. Ena mwa makhonsolowo amapereka chilolezo cholemba, ena amakaniratu. M'mapaki achifumu a mu London, monga Hyde Park ndi Richmond Park, masewerawa ngoletsedwa. Bungwe la National Trust, limene limasunga nyumba zakale, minda ndi magombe ambiri, sililola kufufuza pamalo ake pokhapokha ntchitoyo ikhale mbali ya kafukufuku wa akatswiri. Ndipo kuyambira pa lamulo la 1979, kugwiritsa ntchito makinawa popanda chilolezo cholemba pamalo akale amene boma lidawalemba m'kaundula wa malo otetezedwa ndi mlandu wopita nawo kukhoti.

Makhonsolo okanawo ali ndi zifukwa zooneka ndi maso. Makina salira chifukwa cha golide yekha. Amaliranso chifukwa cha msomali, chotsekera botolo ndi chitini cha dzimbiri, ndipo munthu kuti adziwe chimene chalirisa makina ayenera kukumba. Tsiku limodzi munthu mmodzi atha kusiya maenje makumi angapo pabwalo limene ana amaseweretsapo mpira mawa lake. Ngakhale akwirire bwino, udzu wodulidwa mizu nthawi yotentha umauma, ndipo pansi pa mapaki pamadutsa mapaipi a madzi ndi nthambo za magetsi. Kunena zoona, makhonsolo nawonso ali ndi mlandu wawo, chifukwa lamulo la mzinda uno limasiyana ndi la mzinda woyandikana nawo, ndipo ena amakana chabe chifukwa kukana n'kosavuta kuposa kulemba chikalata. Koma kusokonezeka kwa malamulo kumafuna kuti munthu afunse kwambiri. Sikumupatsa ufulu woleka kufunsa. Paja safunsa adadya phula.

Nkhani ya kugombe ndiyo imaonetsa bwino kuti malamulowa sadaikidwe mwankhanza. Nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo pakati pa pamene madzi amalekeza akadzaza ndi pamene amalekeza akaphwa pamatsala mchenga wonyowa. Pafupifupi theka la mchenga wotere ku England, Wales ndi Northern Ireland lili m'manja mwa bungwe la Crown Estate, limene limayang'anira malo a ufumu. Bungweli limalola anthu kufufuza pamchengapo, malinga atsate mfundo zake. Chifukwa chake n'chomveka: dzenje la pamchenga wonyowa madzi amalifafaniza tsiku lomwelo, ndipo zinthu za pamenepo mafunde adazisuntha kale kambirimbiri. Pamene kuwononga kuli kochepa, lamulo nalonso limafewa. Komabe theka linalo lili ndi eni ake ena, ndipo munthu atha kuyenda pagombe limodzi n'kudutsa malire osaoneka pakati pa mchenga wololedwa ndi woletsedwa. Mumtsinje wa Thames, mkati mwa London, wofufuza m'matope ayenera kukhala ndi chiphaso cha bungwe la Port of London Authority. Anthu ofuna ziphasozo adachuluka kwambiri kotero kuti m'chaka cha 2022 bungwelo lidayamba laimitsa kupereka zatsopano, poopa kuti matope osunga mbiri ya mzindawo angathe kupetedwa ngati mphale.

Ngakhale pamchenga wololedwa, si zonse zotoledwa zimene zimasanduka za wotola. Mphete ya ukwati imene yavuka m'chala cha mayi wosambira dzulo ikadali ya mayiyo. Lamulo la 1968 lokhudza kuba limalola kuti munthu aimbidwe mlandu ngati wasunga chinthu chotayika osayesa n'komwe kufunafuna mwini wake. Makolo a ku Malawi sadafunikire Nyumba ya Malamulo kuti adziwe zimenezi, pakuti mbuzi yosokera ankapita nayo kwa mfumu, ndipo woibisa m'khola mwake ankatchedwa ndi dzina lake lenileni. Katundu wa m'sitima zomira nayenso ali ndi ofesi ya boma imene wopeza ayenera kukanenako. Komanso magombe a ku Britain amalavulabe mabomba ndi zipolopolo zosaphulika za nkhondo ziwiri zikuluzikulu, ndipo wokumba mwaumbuli amaika pangozi moyo wake pamodzi ndi wa ana amene akusewera pambali pake.

Zonsezi n'zazing'ono. Chachikulu ndi chimene chimatayika pamene chinthu chakale chazulidwa m'nthaka popanda wolemba. Wofunafuna chuma amaona kobidi ngati ndalama. Katswiri wofukula zakale amaliona ngati mboni, ndipo mboniyo imalankhula pokhapokha zikadziwika kuti idagona pati, mozama bwanji, pambali pa chiyani, ndiponso pansi pa chiyani. Nthaka imaunjikana m'mizere, yakale pansi, yatsopano pamwamba. Kobidi lodziwika chaka chake limauza katswiri msinkhu wa mbiya, wa phulusa ndi wa mafupa amene lagona nawo. Likachotsedwa n'kuikidwa m'thumba, kobidilo limatsala lokongola koma losalankhula, ndipo mbiya ija yataya chaka chake mpaka muyaya. Dzenje likhoza kukwiriridwa, koma mizere ya nthaka ikasokonezeka palibe mmisiri amene angaibwezere.

Nkhani ziwiri za ku England zikuonetsa kusiyana kwake. Pa 16 Novembala 1992, m'mudzi wa Hoxne m'chigawo cha Suffolk, mkulu wina wopuma pantchito, Eric Lawes, ankafunafuna hamala imene mnzake wolima m'mundamo adataya. Makina ake adalira, ndipo atakumba pang'ono adatulutsa masipuni asiliva ndi makobidi agolide. Apa ndi pamene padali mayeso. Padalibe womuona, ndipo akadatha kukumba mpaka usiku. Iye adaleka, nakauza mlimi uja, apolisi ndi khonsolo imene idali mwini mundawo. M'mawa mwake akatswiri adafika nafukula chotsalacho mosamala, akunyamula zinthu pamodzi ndi dothi lake kuti akazilekanitse pang'onopang'ono m'nyumba yoyezera. Adapeza makobidi 14,865 ndi ziwiya ndi zokongoletsera pafupifupi 200 za nthawi ya Aroma. Chifukwa chakuti Lawes adaimitsa dzanja lake, lero zikudziwika kuti chumacho chidali m'bokosi lamatabwa, kuti mkati mwake mudali timabokosi tina ting'onoting'ono, ndi kuti ziwiya zina adazikulunga m'nsalu, zina n'kuzitchinjiriza ndi udzu. Munthu wolongedza chotere sadali wakuba wothawa ndi katundu. Adali ndi nthawi, ndipo adali ndi chiyembekezo chodzabweranso. Makobidi atsopano kwambiri m'bokosimo ndi a zaka za 407 ndi 408, nthawi imene ulamuliro wa Aroma unkatha pachilumbacho. Padapezekanso timiphika tasiliva toikamo tsabola wakuda, zokometsera zochokera kutali ku India, ndipo pamasipuni ena padalembedwa dzina la Aurelius Ursicinus. Udzu, nsalu ndi matabwa owola sizilira m'makina, ndipo sizigulidwa pamsika. Wokumba mothamanga akadaziponda osadziwa. Lawes adalandira mapaundi 1.75 miliyoni, amene adagawana ndi mlimi uja, ndipo chumacho chili ku British Museum kumene mwana aliyense amachiona ulere. Hamala ija nayonso idapezeka, ndipo ili komweko.

Nkhani yachiwiri idachitika mu Juni 2015 pafupi ndi tawuni ya Leominster m'chigawo cha Herefordshire. Amuna awiri odziwa bwino masewerawa, ndiponso odziwa bwino lamulo, adafukula chuma chimene chidakwiriridwa cha m'ma 870, nthawi ya nkhondo za Maviking. Adalibe chilolezo cha mwini malo weniweni. Adapereka ku boma zokongoletsera zingapo, koma makobidi adawabisa nayamba kuwagulitsa mwamseri. Zithunzi zimene apolisi adazitulutsa m'foni, ngakhale zidali zitafufutidwa, zidaonetsa kuti makobidiwo adali pafupifupi 300. Pamene mlandu unkazengedwa m'chaka cha 2019, opezeka adali pafupifupi 30 okha. Mmodzi adalamulidwa kukhala m'ndende zaka khumi, winayo zaka zisanu ndi zitatu ndi theka, ngakhale kuti khoti lalikulu lidachepetsako zakazo pambuyo pake. Kuipa kwa mlanduwu kuli pa chimene chidali pamakobidiwo. Ena mwa iwo amaonetsa mafumu awiri atakhala pamodzi, ndipo adasulidwa m'maina a Alfred, mfumu ya Wessex, ndi Ceolwulf, mfumu ya Mercia. Mabuku akale olembedwa kumbali ya Alfred amanyoza Ceolwulf ngati chidole cha adani. Makobidi akunena zina: mafumu awiriwa adagwirizana mpaka kusula ndalama yofanana. Umboni wotha kukonza bodza limene lakhala m'mabuku zaka zoposa chikwi udamwazikana m'matumba a anthu ogula mobisa. Amunawa adabera mwini munda, inde, koma adaberanso ophunzira onse a dzikolo tsamba la mbiri yawo. Chomvetsa chisoni n'chakuti akadangonena zoona akadalandira chuma chochuluka mwalamulo.

Mfundo imeneyi odandaula saikonda kuimva. Lamulo la ku England ndi lowolowa manja kwambiri. M'zaka za m'ma 1980, pamalo a kachisi wa Aroma ku Wanborough m'chigawo cha Surrey, magulu a anthu ankabwera usiku ndi makina natenga makobidi zikwizikwi, ndipo lamulo lakale lidalephera kuwagwira bwino chifukwa linkafuna umboni wakuti wokwirira chumacho adali ndi cholinga chodzachitenganso. Chipongwe chimenecho chidathandiza kubala lamulo latsopano la 1996, limene lidayamba kugwira ntchito mu 1997. Lamuloli limati wopeza chinthu cha zaka zosachepera 300, chimene gawo limodzi mwa magawo khumi ake ndi golide kapena siliva, kapenanso mulu wa makobidi akale, akanene kwa mkulu wa boma woona za milandu yotere pasanathe masiku 14. Wobisa atha kulipitsidwa kapena kumangidwa miyezi itatu. Koma wonena salandidwa chabe. Komiti ya akatswiri imayeza mtengo wake wa pamsika, ndipo nyumba yosungira zinthu zakale ikafuna chinthucho imalipira mtengo wonsewo, umene kawirikawiri wopeza ndi mwini malo amagawana pakati. Terry Herbert, amene mu 2009 adapeza m'munda wina ku Staffordshire golide wolemera makilogalamu asanu, adagawana ndi mwini munda mapaundi 3.285 miliyoni. Kodi munthu wolipidwa chotere chifukwa chongonena zoona angatchedwe woponderezedwa?

Ngati lamulolo lili ndi chilema, ndiye kuti chilema chake ndi kufewa. M'chaka cha 2010 ku Crosby Garrett m'chigawo cha Cumbria kudapezeka chipewa cha msilikali wa pakavalo wa Aroma, chokhala ndi nkhope yosulidwa mwaluso. Popeza chidali chamkuwa ndipo chidapezeka chokha, lamulo silidachiwerengere ngati chuma cha dziko. Anthu a m'deralo adasonkha ndalama kuti nyumba yawo ya Tullie House mumzinda wa Carlisle ichigule, koma pamsika wa Christie's munthu wina wachuma adapereka mapaundi oposa mamiliyoni awiri napita nacho kwake. Padatenga zaka khumi ndi zitatu kuti boma litseke mpatawu, pamene mu 2023 lidawonjezera kuti chinthu chachitsulo cha zaka zoposa 200 chikhoza kutetezedwa chifukwa cha kufunika kwake pambiri, ngakhale chisakhale chagolide. Mayiko oyandikana nawo sanyengerera chotere. Ku Scotland chinthu chakale chilichonse chopezeka chiyenera kunenedwa, kaya n'chagolide kaya n'chamwala. Ku Ireland kufunafuna zinthu zakale ndi makina popanda chilolezo cha boma ndi mlandu, ndipo lamulo limeneli lidakhwimitsidwa mu 1987, patapita zaka zochepa chipezekereni ziwiya zamtengo wapatali za tchalitchi ku Derrynaflan mu 1980.

Pali mfundo imodzi ya ofufuza zitsulo imene iyenera kulemekezedwa. Iwo amati khasu la thirakitala ndi feteleza zikuwononga zinthu zakale chaka ndi chaka, ndipo chimene iwo atola achipulumutsa. M'minda yolimidwa izi n'zoona ndithu, chifukwa nthaka ya pamwamba idatembenuzidwa kale. Pansi pa ndondomeko ya Portable Antiquities Scheme, imene idayamba mu 1997, anthu wamba alembetsa mwa kufuna kwawo zinthu zoposa miliyoni imodzi ndi theka, ndipo zambiri mwa izo adapeza ndi anthu a makinawa. Akatswiri adziwa midzi ndi misika yakale imene sakadaidziwa. Koma phindu lonseli lachokera kwa anthu amene adapempha chilolezo, nalemba malo, nakanena. Mfundoyi ikuikira umboni malamulo omwewo amene odandaula akufuna kuwachotsa. Ndiponso m'paki simuyenda thirakitala. Mapaki ena sadalimidwe kwa zaka mazanamazana, ndipo zimene zili pansi pake zagona mwamtendere m'mizere yake. Kumeneko wokumba ndiye ngozi yokhayo imene zinthuzo zikukumana nayo.

Wophunzira wa kuno angaganize kuti iyi ndi nkhani ya azungu okhuta amene asowa chochita. Koma mbali ino ya Africa idalawa kale kuwawa kwa anthu ofunafuna chuma m'nthaka. M'chaka cha 1895 ku Rhodesia kudakhazikitsidwa kampani imene ntchito yake idali kukumba golide m'mabwinja amiyala a dzikolo. Idasakaza mabwinja ambiri ndi manda a mafumu, ikutaya mbiya ndi zina zonse zosanyezimira. Pakati pa 1902 ndi 1904 Richard Hall adakokolola nthaka yambiri ya mkati mwa Great Zimbabwe naitaya kunja, ndipo umboni wochuluka wa amene adamanga mzindawo udapita nayo. Kusowa kwa umboni kudathandiza bodza lakuti Aafrika sakadatha kumanga malinga otere kukhala moyo zaka zambiri. Anthu amenewo adalibe makina olira m'makutu. Adali ndi mapiki ndi mafosholo chabe.

Makina aja tsopano amagulidwa pa intaneti, ndipo m'mayiko oyandikana ndi Malawi anthu ofuna golide akuyenda nawo kale m'tchire. Magombe a nyanja ya Malawi nawonso si mchenga chabe. Ku Nkope m'boma la Mangochi kudafukulidwa mbiya za anthu oyamba kusula zitsulo m'dera lino. Ku Cape Maclear kuli manda a amishoni a Livingstonia amene adafika mu 1875, ndipo malowo ali m'nkhalango yotetezedwa ya Lake Malawi National Park. Ku Karonga kudamenyedwa nkhondo ya Angerezi ndi Ajeremani mu Seputembala 1914. Chakumtunda pang'ono, ku Mankhamba pafupi ndi Mtakataka, Dr Yusuf Juwayeyi adafukula likulu la Amaravi napeza zamkuwa, mikanda yagalasi, minyanga ya njovu ndi zidutswa za mbale zochokera ku China, ndipo adatha kufotokoza za malonda a Kalonga chifukwa chilichonse adachilemba pamalo pamene chidagona. Dziko la Malawi lili ndi lamulo lake la 1990 loteteza malo ndi zinthu zakale, limene limaletsa kufukula zinthu zotere popanda chilolezo cha boma ndipo limafuna kuti wopeza akanene. Mlendo wotsika galimoto ku Senga Bay ndi ndodo yolira m'manja mwake ayenera kufunsidwa chikalata chake, ndipo woyamba kumufunsa akhale nyakwawa ya pamalopo, asanafike n'komwe wapolisi.